Sewero Lopanda Chipata: Anthabwala Oyendayenda a ku Machinga ndi ku Balaka

Tikamaphunzira za zisudzo m'kalasi, kawirikawiri timaganiza za sewero la pansanja. Pamakhala wolemba, pamakhala ochita seweroli, pamakhala holo, ndipo pakhomo pamaima munthu wodula matikiti. Komatu pali mtundu wina wa zisudzo umene suchitikira m'holo, ndipo ndikhulupirira kuti m'maboma a Machinga ndi Balaka umaoneredwa ndi anthu ambiri kuposa wa pansanja uja. Ndikunena za anthu oseketsa amene amayendayenda m'misika, m'madepoti a mabasi ndi m'malo ochitira malonda monga pa Liwonde, pa Ntaja, pa Nsanama, pa Ulongwe, pa Phalula ndi pa Balaka penipeni. Ena amawatcha anthabwala, ena azisudzo, ena amangoti “anyamata oseketsa aja”. M'nkhani ino ndifotokoza mmene ntchito yawo imayendera. Mfundo yanga ndi yakuti sewero lawo lilibe chipata, choncho ntchito yonse imene chipata chimagwira kwina, iwo amaigwira ndi pakamwa.

Kuti mfundoyi imveke bwino, ndiyambe ndi kumaiko kumene ntchito yotereyi ili ndi malipiro a pamwezi. M'maiko ena muli mapaki a zisangalalo, malo otchingidwa ndi mpanda kumene munthu amalipira pakhomo n'kukatha tsiku lonse akukwera makina ozungulira, akudya ndiponso akuonera zoseketsa. Disneyland inatsegulidwa ku California mu 1955, Walt Disney World ku Florida mu 1971, ndipo abale athu amene ali ku Joni amaidziwa Gold Reef City ya ku Johannesburg, imene inamangidwa pamalo pomwe panali mgodi wa golide. Eni mapakiwa anaona kuti mlendo amatha nthawi yaitali ali pamzere kapena akuyenda kuchoka pa chosangalatsa china kupita pa china, ndipo nthawi imeneyi ndi imene amatopa n'kuyamba kulakalaka kwawo. Choncho analemba ntchito azisudzo oti azingoyendayenda m'tinjira ta m'pakimo. Paki ya Disney-MGM Studios itatsegulidwa mu 1989, m'misewu yake munali azisudzo ovala ngati anthu a ku Hollywood wakale: wina wapolisi, wina wotsogolera filimu, wina mtsikana wofunitsitsa kutchuka. Ankaimitsa alendo, n'kuwalowetsa m'sewero, n'kumapeka mayankho pomwepo. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, kampani ya Disney inalengeza kuti ichotsa ntchito anthu 28,000, ndipo azisudzo a m'misewuwa anali m'gulu la ochotsedwawo.

Ku Machinga ndi ku Balaka kulibe paki yotere. Paki imene tili nayo ndi ya Liwonde, ndipo osangalatsa alendo kumeneko ndi njovu ndi mvuu. Koma luso loimitsa munthu woyenda ndi kumuseketsa liliko, kungoti limachitika movutirapo. Wazisudzo wa m'paki amapeza zonse zitakonzedwa: oonera alipira kale, abwera ndi mtima wofuna kusangalala, ndipo wina akachita chipongwe alonda ali pafupi. Wanthabwala wa pamsika wa Ntaja amapeza anthu amene sanabwerere iye. Mayi wabwera kudzagulitsa mpunga kuti apeze ya sopo, bambo akufunafuna tayala la njinga, mnyamata wa kabaza maso ali kumsewu. Palibe amene walipira, palibenso amene walonjeza kuti aima.

Ntchito yoyamba, tsono, ndi kupanga bwalo pamene palibe bwalo. Zovala zimathandiza: jekete lofika m'maondo, tayi wothera pachifuwa, nsapato zosiyana mitundu, ufa kumutu kuti zioneke ngati imvi, pilo m'malaya kuti mimba ikule ngati ya bwana. Mwamuna wovala chitenje ndi duku sachedwa kukoka ana. Koma njira imene ndaona kuti imagwira msanga kuposa zovala ndi mkangano wabodza. Anthu awiri amayamba kukalipirana za ngongole, wina atagwira mnzake malaya, mawu ali m'mwamba. Munthu akhoza kulambalala sewero koma ndewu sailambalala. Anthu akaunjikana, mmodzi mwa okanganawo amalankhula chinthu chopusa kwambiri mwakuti aliyense amazindikira kuti wapusitsidwa, ndipo kuseka koyamba kumakhala kudziseka okha. Apo ndi pamene wina amalemba mzere pansi ndi kamtengo n'kuuza ana kuti akhale pansi kutsogolo. Ana amenewa sapereka ndalama, koma ndiwo mpanda wa bwalolo, ndipo kuseka kwawo ndi kumene kumaitana akuluakulu.

Nthawi nayo imasankhidwa. M'mamawa anthu amakhala ali pakalikiliki ndipo ogulitsa sanagwire ndalama. Dzuwa likapendeka, m'matumba mumakhala kangachepe ndipo anthu sathamangiranso kwambiri. M'madera a Asilamu ambiri, monga mbali yaikulu ya Machinga, wanthabwala wanzeru sayambitsa phokoso Lachisanu masana anthu akupita ku mzikiti. Padepoti pali vuto lina: oonera ali ndi ulendo, ndipo minibasi ikadzaza theka la bwalo limanyamuka nthawi imodzi. N'chifukwa chake sewero la pamalo otere silikhala ndi nkhani yaitali yoti uyambe nayo pachiyambi. Limakhala la tizidutswa, kalikonse kotha kuima pakokha, kuti wofika mochedwa aseke ndipo wochoka msanga asapite chimanjamanja.

Ambiri mwa anthabwalawa amayenda awiriawiri, ndipo apa chitsanzo cha Izeki ndi Jakobo sichibisika. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene anali a gulu la zisudzo la Kwathu, anazoloweretsa Amalawi sewero la anthu awiri ongocheza: wina akufunsa monga munthu wabwinobwino, mnzake akuyankha mokhotakhota koma mwa nzeru zake. Nyanga anamwalira mu 2016 ndipo Mabedi mu 2021, koma kachitidwe kawo kakadali m'misika. Ubwino wake ndi wakuti sikafuna nsanja kapena katundu, ndipo wachiwiriyo amagwira ntchito ina imene oonera saiona msanga: amabwereza mokweza zimene mnzake wanena, ngati wodabwa, kuti amene ali kumbuyo amve. Pamalo popanda chokuzira mawu, funso loti “Ukuti chiyani? Ukuti apongozi ako anakwera mbuzi?” limakhala ndi ntchito ziwiri.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ikutikhudza kwambiri ife ophunzira zilankhulo. Sewero lotere silingayende popanda kuseka wina mwa oonera. Koma pachikhalidwe chathu kuseka munthu wosamudziwa pagulu ndi chipongwe, ndipo chipongwe pamsika chimathera m'zibakera. Wazisudzo wa ku Florida amatetezedwa ndi tikiti: mlendo pogula tikitiyo wavomera kale kuti aseweredwe naye. Wanthabwala wathu amayenera kupeza chilolezocho mwa njira ina, ndipo amachipeza mu ubale. Tonse tikudziwa kuti pali abale amene mwambo umalola kuti tizinyogodolana nawo. Msuweni ukhoza kumunena kuti ndi wosauka kapena wosasamba, iye n'kungobweza. Alamu nawo ndi anthu ochezerana nawo momasuka. Agogo aakazi amatcha mdzukulu wawo wamwamuna kuti “amuna anga”, n'kumamudandaulira kuti sawagulira chitenje. Ngakhale pamaliro, adzukulu okumba manda amakhala ndi ufulu woseka zimene ena sangayerekeze. Tsono wanthabwala asanaseke munthu, amayamba wamupatsa ubale woyenera. Akaloza mnyamata wa kabaza amati, “Asuweni, mwabwera?” Mnyamatayo akangomwetulira, wavomera chisuweni, ndipo zimene zinenedwe za njinga yake yopanda mabuleki sizikhalanso chipongwe. Kwa mayi wachikulire amati, “Akazi anga awa anandithawa chaka chatha chifukwa cha ndiwo,” ndipo mayiyo, amene amachita zomwezo ndi adzukulu ake kunyumba, amadziwa choyankha. Kawirikawiri yankho la mayiyo ndi limene limagwetsa anthu ndi phwete.

Ubale wa apongozi amaugwiritsa ntchito mwa njira yosiyana. Apongozi ndi munthu womupewa, wosayang'anana naye m'maso. Ndinaonapo wanthabwala wina pa Ulongwe amene, ataona bambo wovala bwino akuyandikira bwalo, anafuula kuti “Apongozi!” n'kudziphimba kumaso ndi jekete, n'kugwada, n'kuyamba kulankhula atayang'ana kumbali. Palibe mawu achipongwe amene ananena. Ulemu wokhawo, utapitirira muyeso, ndiwo unali nthabwala, ndipo bamboyo sakanakwiya chifukwa palibe amene amadandaula kuti walemekezedwa. Chimodzimodzinso ndi iwe ndi inu. Wanthabwala amatha kunena kamwana ka mamina kuti “inu bwana mkubwa”, kapena kutcha wogulitsa zitumbuwa kuti “a manijala”, koma sindinamvepo waluso akunena mayi wamkulu kuti iwe. Ulemu amaukweza pamene sukuyenera, koma sautsitsa pamene ukuyenera. Amene amasokoneza lamuloli ndi ongoyamba kumene, ndipo bwalo lawo silichedwa kuphwasuka.

Chinthu china chimene chimasiyanitsa maboma awiriwa ndi madera ena ndi kukumana kwa Chichewa ndi Chiyao. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, ndipo kwa zaka zambiri wailesi ya MBC inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi mokha. Chitumbuka chinabwerera pa wailesiyi mu 1994, ndipo nkhani za m'Chiyao zinayamba kumveka mu 1996, nthawi ya Bakili Muluzi, amene kwawo ndi ku Machinga konkuno. M'zaka zonsezo, ndipo ngakhale pambuyo pake, Myao wa m'zisudzo za m'tauni ankakhala munthu womuseka chifukwa cha katchulidwe kake. Chiyao chilibe liwu la z, choncho wolankhula Chiyao amati “sikomo” pamene Mchewa amati “zikomo”, ndipo azisudzo ena akhala akudyera pa kusiyana kumeneku ngati kuti ndi umbuli.

Pa Ntaja kapena pa Nselema nthabwala imeneyi imatembenuka. Oonera ambiri ndi Ayao, ndipo womuseka amakhala mlendo wosadziwa chilankhulo cha eni dera. Kasewero kamene ndakaona kangapo, mosinthasintha, ndi ka bwana wa bungwe amene wabwera ndi chikwama ndi botolo la madzi kudzaphunzitsa anthu za chitukuko. Mkulu wa m'mudzi amamulonjera kuti, “Ajimwiche uli?” kutanthauza kuti mwadzuka bwanji. Bwanayo, poganiza kuti akumutsatsa malonda, amayankha kuti, “Ayi, sindigula.” Kenaka amalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi kwa nthawi yaitali, ndipo womasulira wake amafupikitsa zonsezo m'mawu awiri a Chiyao: “Mbiya pangali,” ndalama palibe. Taonani mmene zilankhulo zagawidwira ntchito. Chingerezi ndi cha kudzitukumula, Chichewa ndi chofotokozera nkhani kuti aliyense aitsate, koma mawu otsiriza, amene amanena zoona zake, amapatsidwa kwa Chiyao. Woonera amene samva Chiyao amaseka mochedwa, atafunsa mnzake, ndipo kwa kamphindi amalawa zimene Myao wosadziwa bwino Chichewa amakumana nazo ku ofesi ya boma.

Ku Balaka zinthu zimasiyanako. Bomali, limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, lili pamphambano ya misewu ndi njanji, ndipo kuli Ayao, Angoni, Alomwe, Amang'anja ndi ena obwera kudzachita malonda. Kumeneko Chichewa ndicho chimanyamula sewero lonse, zilankhulo zina n'kumangolowa ngati mchere. Munthu amene amaseketsa mbali zonse ziwiri ndi wobwera ku Joni. Amafika ndi magalasi akuda ndi chisipika paphewa, pakamwa pali “eish” ndi “wena”, akunamizira kuti waiwala dzina la therere. Pamapeto pake amakokera amayi ake pambali n'kuwapempha ndalama ya sopo. Anthu amaseka kwambiri, koma ndi kuseka kwa anthu amene ali ndi mwana, mwamuna kapena mchimwene kumeneko, ndipo akudziwa kuti ena amabwerako atathamangitsidwa, ena m'bokosi.

Kuseka munthu wamphamvu pomutsanzira si chinthu chachilendo kuno. Gule wa beni, amene Ayao a ku Machinga ndi ku Mangochi amavina, amatsanzira perete wa asilikali: mayunifolomu, maudindo, kuguba ndi kulamula. Terence Ranger, m'buku lake la mu 1975 lonena za beni, anafotokoza kuti guleyu anayambira m'matauni a m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Kenya ndi ku Tanzania, n'kufalikira kumtunda makamaka nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Clyde Mitchell, amene anachita kafukufuku m'midzi ya Ayao kuno kummwera asanapite ku migodi ya ku Zambia, anasonyeza mu 1956 mmene ovina kalela, gule wochokera ku beni yemweyo, ankaimbira nyimbo zoseka mitundu ina ya anthu m'tauni popanda kuyambitsa ndewu. Kwa Achewa, gule wamkulu ali ndi zilombo monga Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Sindikunena kuti gule wamkulu ndi nthabwala chabe, pakuti ndi mwambo wokhala ndi zinsinsi zake ndi malamulo ake. Ndikungoti woonera wa pamsika anazolowera kale kuona munthu atavala thupi la wina kuti amuseke, ndipo safuna kufotokozeredwa.

Pali nthawi ina imene sukulu ya ukachenjede inabwera kudzaphunzira luso limeneli m'dera lomwe lino. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, aphunzitsi ndi ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College, kuphatikizapo Christopher Kamlongera ndi David Kerr, anagwira ntchito ndi nthambi ya zaumoyo wa m'midzi ya ku Liwonde, imene inkathandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ. Anapita m'midzi ya kwa Mwima ndi kwa Mbela ndi masewero okhudza madzi, ukhondo ndi matenda. Masewerowa sanali olembedwa mpaka kumapeto. Ochita sewero ankafika pamene pavuta n'kutembenukira kwa oonera kuwafunsa chochita, ndipo anthu ankayankha, kutsutsana, ngakhale kulowa m'bwalo. Pambuyo pake anthu a m'midzimo anayamba kupeka masewero awoawo. Njira imeneyi inalembedwa m'mabuku ndipo timaiphunzira ngati zisudzo za chitukuko, koma mbali yake yaikulu, yolankhula ndi woonera maso ndi maso ndi kumusandutsa wochita nawo sewero, ndi imene wanthabwala wa pamsika amadalira tsiku lililonse kuti adye.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, ntchito zolipidwa zinachuluka. Mabungwe olimbana ndi Edzi, makampani a mafoni ndi a sopo, ndiponso andale pa nthawi ya kampeni, onse anayamba kufuna munthu wotha kusonkhanitsa anthu. Lole imaima pa Liwonde, zokuzira mawu zili pamwamba, ndipo asanalankhule mwini uthenga amatsogoza woseketsa. Apa ndi pamene wanthabwala wathu amafanana kwambiri ndi mnzake wa m'paki ya zisangalalo, chifukwa walipidwa kale ndipo sayendetsa chipewa. Ena njira imeneyi inawafikitsa kutali. Bon Kalindo, wodziwika kuti Winiko, anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2014. Michael Usi, Manganya wa m'sewero la Tikuferanji, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu Juni 2024 mpaka chisankho cha 2025 chitadutsa. Komabe kwa ine nthabwala za palole zimakhala zozizira. Wolipira ndiye mwini mawu otsiriza, choncho kasewero ka bwana wa bungwe ndi womasulira wake sikangachitike pa lole ya bungwe. Womasulirayo amayenera kumasulira molondola, ndipo zikatero palibe choseketsa.

Wopanda lole amayenera kutolera yekha, ndipo apa ndi pamene luso la pakamwa limayesedwa kwenikweni. Akapempha ndalama pachiyambi, anthu amachoka chifukwa sanaone kanthu. Akadikira mpaka kumapeto, amachokanso chifukwa aona zonse. Choncho amaimitsa nkhani pamene yafika pokoma, mwamuna ali pansi pa bedi ndipo mwini nyumba akugogoda, n'kunena kuti galimoto yatha mafuta. Mawu oti kupempha sawatchula. Amati anthu “afupe”, monga timafupira ovina bwino kapena akwati pa perekaniperekani. Kusiyana kwa mawu awiriwa n'kwakukulu: wopempha amadzitsitsa, pamene wofupidwa wagwira ntchito yooneka ndipo wofupayo ndiye amapeza ulemu. Aliyense woponya kanthu amatamandidwa mokweza, amapatsidwa udindo wa “bwana wa mabwana” kapena “mayi wa fuko”, ndipo nthabwala yotsatira imamukomera. Wosapereka sanyozedwa mwachindunji. Amangomva kuti “asuweni anga awa dzanja lawo linalumidwa ndi nkhanira m'thumba”.

Kugwa kwa ndalama yathu kwaipweteka njira imeneyi. Makobidi amene kale ankalira m'mbale sagulanso kanthu. Mu 2022 kunatuluka ndalama ya pepala ya K5,000, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Woonera amayenera kusankha pakati pa kuponya ndalama yochititsa manyazi ndi kuponya ndalama imene akanagulira tomato. Ena amatchula nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, koma kufupa ndi chinthu chofuna mboni. Ndalama yolowa mufoni mwakachetechete siikoka mnzake, ndiponso siipatsa wanthabwala mpata wotamanda woperekayo. N'chifukwa chake ambiri amaphatikiza nthabwala ndi malonda: mankhwala a makoswe, a mano, sopo wochotsa zipsera. Sewero limasanduka nyambo. Pa mankhwala a makoswe ndilibe nawo mawu, koma pamene munthu waseketsa anthu kuti awagulitse botolo limene akuti limachiza matenda khumi, luso lomwe lija lasanduka msampha, pakuti munthu amene wangoseka nawe sakukayikira msanga.

Ndanena kuti msika ulibe chipata, koma akuluakulu amakumbukira nthawi imene unali nacho. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, achinyamata a chipani ankaima polowera mumsika ndi pokwerera basi kufunsa khadi ya chipani. Lamulo loyang'anira zisangalalo la mu 1968 linkafuna kuti sewero lochitika pagulu likhale ndi chilolezo, ndipo magulu a zisudzo ankatumiza zolemba zawo kuti zikaunikidwe. Woseketsa wa pamsika analibe cholemba choti atumize, koma makutu anali paliponse, ndipo nthabwala yokhudza Ngwazi ikanamutengera kumene Jack Mapanje anapita mu 1987. Chizolowezi chozungulira nkhani, choseka nyakwawa kapena kapitawo pamene ukutanthauza wina wamkulu, chinakula m'nyengo imeneyo ndipo sichinathe. Mpaka lero wanthabwala wochenjera satchula dzina la phungu wa deralo. Amanena za “malume ena amene amabwera kamodzi pa zaka zisanu”, ndipo anthu amamaliza okha.

Kusowa kwa woyang'anira kuli ndi kuipa kwake. Wazisudzo wa m'paki ali ndi malamulo a kampani onena zimene sangaseke. Wa pamsika alibe, ndipo njira yachidule yopezera phwete ndi kutsanzira wachibwibwi, wolumala mwendo, wodwala misala kapena mkazi wonenepa. Nthabwala zotere sizidutsa m'chisuweni chilichonse, chifukwa wosekedwayo sanapatsidwe mpata wobweza. Choipitsitsa ndi nthabwala yonena munthu wachialubino kuti ndi ndalama. Kuyambira cha mu 2014 anthu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno, ndipo Machinga ndi limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. M'dera lotere mawu amenewo si nthabwala ayi. Woletsa yekhayo amene alipo ndi bwalo lenilenilo, ndipo nthawi zina limagwiradi ntchito. Amayi akatsonya n'kusenza madengu awo, ana amawatsatira, mpanda uja n'kugwa, ndipo woseketsayo amatsala ndi anyamata ochepa amene sapereka kanthu.

Masiku ano m'bwalo lililonse mumakhala mafoni okwezedwa m'mwamba. Kasewero kojambulidwa pa Balaka masana kamafika ku Cape Town madzulo kudzera pa WhatsApp, ndipo ena mwa achinyamata oseketsa asiyiratu msika n'kumajambulira Facebook ndi TikTok. Kwa woyendayenda, foni ndi mlendo wodya osafupa. Wojambula amadula mbali yotolera ndalama chifukwa siyoseketsa, ndipo nthabwala imene ikanagwira ntchito m'misika isanu imafika pamsika wachiwiri anthu ataimva kale. Kale mtunda wa pakati pa Ntaja ndi Phalula unkamuteteza, chifukwa ankatha kubwereza sewero lomwelo kwa anthu atsopano. Tsopano amakakamizika kudalira kwambiri zimene foni singatenge pasadakhale, ndizo zopeka pomwepo ndi anthu amene aima patsogolo pake tsiku limenelo.

Ife ofuna kusunga zisudzozi polemba tili ndi vuto lathu. Zambiri zimene zimaseketsa zili m'mamvekero, m'kukoka kwa liwu ndi m'kukweza kapena kutsitsa mawu, zinthu zimene kalembedwe kathu ka tsiku ndi tsiku sikaonetsa. Kasewero kena kamene ndinakalemba m'kope nditakamva pa Liwonde kanali kotere. Woyamba anati, “Achimwene, mtengo wa feteleza wakwera.” Mnzake anayang'ana kumwamba, n'kuphimba maso ndi dzanja, n'kufunsa kuti, “Uli kuti mtengowo, ndikathyoleko matumba awiri?” Polankhula, mtengo wa pamsika ndi mtengo wa m'nkhalango satchulidwa mofanana: wa m'nkhalango umakwera pa “te”, pamene wa pamsika umatsika ponseponse. Woyambayo anatchula wa pamsika, wachiwiri anabweza wa m'nkhalango, ndipo anachita kuukoka dala kuti aliyense amve kuti wasintha. Anthu anaseka asanamalize n'komwe chiganizocho. M'kope langa mawu awiriwo alembedwa ndi malembo asanu ndi limodzi omwewo, ndipo mnzanga wa m'kalasi amene ndinamupatsa kuti awerenge anachita kubwereza kawiri asanamwetulire.